Ndani amenye mnzake mawa? Mbiri ya kulosera ndewu m'zipatala za matenda a maganizo

Mu 1814 Edward Wakefield, mmodzi mwa anthu amene ankalimbana ndi nkhanza za m'nyumba zosungira amisala ku England, analowa ndi anzake m'chipatala cha Bethlem mumzinda wa London. M'chipinda china anapezamo bambo wa ku America, James Norris, yemwe kale ankagwira ntchito pa sitima za pamadzi. M'khosi mwake munali mkombero wachitsulo, womangiriridwa ndi unyolo waufupi ku chitsulo china choimikidwa kukhoma. Chitsulo chachitatu chinazinga m'chiuno n'kupana mikono yonse iwiri. Ankatha kuimirira ndi kugona chagada, basi. Anakhala choncho zaka pafupifupi 10, chifukwa nthawi ina anabaya ndi mpeni munthu woyang'anira odwala. Chimene chinadabwitsa alendowo n'chakuti Norris ankacheza nawo bwinobwino, ndipo ankakonda kuwerenga. Anam'masula, koma chifuwa chachikulu chinali chitam'dya kale. Anamwalira mu 1815, chaka chimene komiti ya Nyumba ya Malamulo ya Britain inayamba kufufuza zochitika m'nyumba zoterezi.

Zitsulo zimene anavala Norris zinali ulosi. Akuluakulu a Bethlem anali atagamula kuti wobaya dzulo abayanso mawa, mkuja, mpaka tsiku lake la imfa. Ulosi wotere uli ndi kukoma kumodzi kwa mwini wake: sungam'gwire bodza. Munthu womangidwa samenya aliyense, ndiye wom'mangayo amangoloza bata la m'wodi n'kunena kuti unyolo wagwira ntchito. Zoti mwina Norris akanatha zaka 10 zomwezo osagwiranso mpeni ngakhale atam'siya womasuka, palibe akanazidziwa, poti palibe anayesa. Chilema chimenechi chayenda ndi mbiri yonse ya nkhaniyi, ndipo mafomu a masiku ano sanachithetse.

Kwathu kuno chiyambi chinali chofanana. Malo oyamba osungirako odwala misala ku Nyasaland anatsegulidwa mu 1910 ngati mbali ya ndende ya Zomba, ndipo owayang'anira anali asilikali a ndende. Chipatala chenicheni cha Zomba Mental chinadzatsegulidwa mu 1953. Boma la atsamunda linkafunsa kaye kuti munthuyu angavulaze ndani, za chimene akudwala zinkabwera pambuyo.

Oyamba kuyesa kumasula odwala sanali madokotala okhaokha. Ku Bicêtre mumzinda wa Paris ulemu umapita kwa Philippe Pinel, amene anafikako mu 1793, koma amene anavula odwala maunyolo mu 1797 anali kapitawo wa wodi, Jean-Baptiste Pussin, Pinel atasamukira kale ku chipatala cha Salpêtrière. Pussin analowa pa Bicêtre koyamba ngati wodwala matenda a m'thupi, kenako analembedwa ntchito, ndipo iye ndi mkazi wake ankakhala pakati pa odwalawo usana ndi usiku. Sanasiyiretu kumanga: m'malo mwa unyolo ankaveka wolusa malaya olimba opana mikono, kwa kanthawi. Ku York, William Tuke anatsegula mu 1796 nyumba imene odwala ankadyera pa tebulo ndi kugwira ntchito m'munda. Ku Lincoln, Robert Gardiner Hill anathetsa zomangira zonse pofika 1838, ndipo chaka chotsatira John Conolly anachita chimodzimodzi ku Hanwell, chipatala cha odwala pafupifupi 800, m'miyezi yochepa chabe. Mtengo wake Conolly ankaudziwa. Anawonjezera oyang'anira, ndipo wodwala akalusa ankam'tsekera kwa kanthawi m'chipinda cha makoma ofewa. Ukachotsa chitsulo pamafunika maso. Woyang'anira aone msanga kuti uyu lero sanadye, uyo sanagone usiku, winayo wayamba kuzungulirazungulira pakhomo. Luso limeneli linkakhala m'mitu ya anthu a malipiro ochepa amene sankalemba mabuku, ndipo zipatala zitadzaza mpaka wodi imodzi kukhala ndi chinamtindi cha anthu, linakwiririka.

Olemba mabuku anali ena. Mu 1876 Cesare Lombroso wa ku Italy anafalitsa chiphunzitso chakuti chigawenga chimachita kubadwa, ndipo ungachizindikire poyeza chigaza, nsagwada ndi makutu. Zinali zopanda mutu, ndipo zinkagwera amphawi ndi anthu akuda, koma zinasiya chizolowezi chimene chinakhalitsa: kuganiza kuti kuopsa ndi chinthu chimene munthu amayenda nacho m'thupi kulikonse kumene ali, choti katswiri wophunzira atha kuchiona atacheza naye ola limodzi.

Njira ina inabadwira kundende. Mu 1928 Ernest Burgess wa pa yunivesite ya Chicago anatenga mafayilo a akaidi 3,000 a m'chigawo cha Illinois amene anatulutsidwa zilango zawo zisanathe. Anasankha mfundo 21, monga mbiri ya ntchito, mtundu wa mlandu ndi msinkhu, ndipo mfundo iliyonse imene mkaidi anali bwino ankaipatsa pointi imodzi. A mapointi ambiri ankabwerera kundende mwa apo ndi apo, a mapointi ochepa ankabwerera ochuluka. Mu 1954 Paul Meehl wa ku Minnesota anaunika kafukufuku pafupifupi 20 woyerekeza nzeru za katswiri ndi kuwonkhetsa kotereku, ndipo pafupifupi paliponse masamu ankalingana ndi katswiri kapena kum'posa. Madokotala a maganizo sizinawakomere, ndipo kwa zaka zambiri anangozitaya kunkhongo. Pa nthawi yomweyo mankhwala a chlorpromazine, amene Jean Delay ndi Pierre Deniker anayamba kuwagwiritsa ntchito ku Paris mu 1952 ndipo ambiri amawadziwa ndi dzina la Largactil, anazizitsa mawodi. Zipatala za boma ku America, zimene mu 1955 zinali ndi odwala oposa 550,000, zinayamba kutsegula zitseko. Funso lakuti atuluke ndani, atsale ndani, linasanduka la tsiku ndi tsiku.

Amene anayesa zimene madokotala sankayerekeza kuyesa anali oweruza milandu. Johnnie Baxstrom anamangidwa mu 1959 m'chigawo cha New York pa mlandu womenya munthu. Ali m'ndende anam'peza ndi matenda a maganizo n'kum'samutsira ku Dannemora, chipatala cha akaidi. Chilango chake chinatha mu 1961, koma sanam'tulutse ngakhale kum'tumiza kuchipatala wamba, chifukwa akuluakulu a boma anagamula okha kuti sangakhale pakati pa odwala ena. Mu Febuluwale 1966 khoti lalikulu la dziko la America linati zimenezi n'zosemphana ndi malamulo: munthu amene wamaliza chilango chake ayenera kuunikidwa ngati nzika ina iliyonse. Boma la New York linalibe pothawira. M'miyezi yochepa linasamutsa anthu 967 kuchokera ku Dannemora ndi ku Matteawan kupita kuzipatala wamba 18. Awa anali anthu amene ankatengedwa ngati oopsa kuposa onse m'chigawocho, ndipo ogwira ntchito m'zipatala zowalandira anagwidwa nthumanzi.

Henry Steadman ndi Joseph Cocozza anawatsatira kwa zaka zinayi, n'kufalitsa zimene anapeza mu 1974. Mwa anthu 967 aja, 26 okha ndi amene anabwezedwa kuzipatala za akaidi. Mwa amene anawalondola mwatsatanetsatane, pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse ndi amene anamenyapo munthu, m'chipatala kapena kunja. Ambiri anakhala ngati odwala ena onse, ndipo ochuluka ndithu anatulutsidwa n'kubwerera kwawo. Ku Pennsylvania khoti linachitanso chimodzimodzi mu 1971 ndi odwala 586 a chipatala cha Farview, ndipo Terence Thornberry ndi Joseph Jacoby anapeza kuti mwa amene anawatsatira, pafupifupi 14 mwa 100 alionse ndi amene anadzamenya munthu. Pali chonena ndithu mbali inayo: ambiri mwa anthuwa anali atakulira momwemo, a zaka zoposa 40, ndipo ukali umatsika ndi msinkhu. Koma mfundo imeneyi simatsuka madokotala. Ngati munthu anasiya kuopsa kalekale, n'chifukwa chiyani panalibe amene anaona?

Mu 1974 Bruce Ennis ndi Thomas Litwack analemba m'magazini ya zamalamulo ku California kuti umboni wa madokotala pa nkhani ya kuopsa sunkasiyana ndi kuponya ndalama yachitsulo m'mwamba. Mu 1981 John Monahan anasonkhanitsa kafukufuku amene analipo n'kupeza kuti pa maulosi atatu alionse akuti munthu adzachita chiwawa, awiri ankalakwika. Wina angaganize kuti zikatero makhoti akanasiya kufunsa madokotala. Zinayenda mosiyana. Mu 1976, pa mlandu wa Tarasoff, khoti la California linagamula kuti dokotala wa maganizo akadziwa kuti wodwala wake angavulaze munthu wina ali ndi udindo woteteza munthuyo. Mu 1983, pa mlandu wa Thomas Barefoot wa ku Texas, khoti lalikulu la America linavomereza umboni wa dokotala James Grigson, amene analumbira kuti Barefoot adzachitanso chiwawa ngakhale kuti sanam'pime n'komwe. Bungwe la madokotala a maganizo ku America linalembera khotilo kuti maulosi otere amalakwika kawiri pa katatu, koma oweruza ambiri anati kulakwa nthawi zambiri sikulakwa nthawi zonse. Barefoot anaphedwa mu 1984. Madokotala anagwira njakata: kafukufuku akuti simungathe, lamulo likuti muyenera.

Patapita zaka chithunzicho chinafewerako. Mu 1993 Charles Lidz, Edward Mulvey ndi William Gardner anatsatira kwa miyezi isanu ndi umodzi odwala amene anafika kuchipinda cha matenda adzidzidzi ku Pittsburgh, ndipo m'malo modalira mabuku a apolisi okha ankafunsa odwalawo ndi achibale awo. Mwa amene madokotala ndi anamwino anawadera nkhawa, 53 mwa 100 anachitadi chiwawa, pamene mwa anzawo osaderedwa nkhawa anali 36. Si kuponya ndalama kumeneko, komanso si nzeru zoti n'kutsekera nazo munthu. Pa amayi ndiye ankangoponyera kumwezi, chifukwa sankakhulupirira kuti mayi angamenye.

Panalinso vuto lina losaoneka: ndewu zambiri za m'wodi sizinkalembedwa. Namwino akamenyedwa khofi ankangoti ndi mmene ntchitoyi ilili. Mu 1986 Stuart Yudofsky ndi anzake ku New York anakonza fomu yolembapo chiwawa chilichonse, kuyambira kutukwana mpaka kuvulaza, ndipo mu 1987 Tom Palmstierna ndi Börje Wistedt a ku Sweden anakonza yawo yotchedwa SOAS. Ya ku Swedenyi inali ndi mizere isanu: chimene chinayambitsa, chimene wodwala anagwiritsa ntchito, amene anam'lunjika, zotsatira zake, ndi mmene ndewuyo inalekera. Mzere woyambawo, wa chimene chinayambitsa, unadzakhala wofunika kuposa mmene unkaonekera.

Zida zazikulu zolosera zinachokera ku Canada. Ku Oak Ridge, chipatala cha chitetezo chokhwima m'tauni ya Penetanguishene ku Ontario, Grant Harris, Marnie Rice ndi Vernon Quinsey anatsatira amuna 618 kwa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, ndipo mu 1993 anatulutsa VRAG, ya mfundo 12. Ndi mdzukulu weniweni wa Burgess. Imafunsa ngati munthu anakula ndi makolo onse awiri mpaka zaka 16, mmene ankakhalira kusukulu ya pulayimale, mbiri ya mowa, ngati anakwatirapo, msinkhu umene anapalamula mlandu. Mfundo imodzi inadabwitsa ambiri: pakati pa amunawo, kukhala ndi nthenda ya maganizo ya schizophrenia kunkatsitsa mapointi, kutanthauza kuti odwala nthendayi ankabwereza chiwawa mocheperapo kuyerekeza ndi anzawo a m'gulu lomwelo. Ku British Columbia, Christopher Webster ndi anzake anatenga njira yapakati. HCR-20, imene inatuluka mu 1995 n'kukonzedwanso mu 1997 ndi mu 2013, ili ndi mfundo 10 za m'mbuyo, zisanu za mmene wodwala alili panopa, ndi zisanu za kumene akupita. Siwonkhetsa n'kugamula yokha, imangokakamiza dokotala kuyang'ana zonse 20 asanaike maganizo ake. Ndiyo yafala kwambiri m'zipatala za odwala amene ali ndi milandu.

Kafukufuku wa ku America wotchedwa MacArthur, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998, anatsatira kwa chaka odwala 1,136 otulutsidwa m'zipatala za Pittsburgh, Kansas City ndi Worcester. Ku Pittsburgh anawayerekeza ndi anthu a m'madera omwe ankakhala. Odwala amene sankamwa mowa mwauchidakwa kapena kugwiritsa ntchito mankhwala ozunguza bongo sankachita chiwawa kuposa oyandikana nawo. Mowa ndi mankhwala zinkakweza chiwawa mbali zonse ziwiri, makamaka kwa odwala. Ndipo omenyedwa ambiri anali achibale ndi abwenzi, m'nyumba, osati anthu odutsa mumsewu amene nyuzipepala zimakonda kuwaopseza.

Zonsezi n'zothandiza kwa woweruza kapena komiti yoganiza zotulutsa munthu. Kwa namwino amene akulowa shifiti ya usiku zilibe ntchito kwenikweni. Kudzaza HCR-20 kumafuna mafayilo ndi maola ambiri, pamene wodwala wafika madzulo ano pa galimoto ya apolisi, wopanda pepala lililonse. Zoti bambo ake anachoka pakhomo iye ali ndi zaka 10 zidzakhala zoona lero, mawa ndi chaka chamawa, choncho sizingauze namwino kuti usiku woopsa ndi uti. Mlimi akayang'ana mitambo masana atha kunena kuti madzulo ano igwa, n'kulondola kawirikawiri, koma mutam'funsa za tsiku lomweli chaka chamawa angakuuzeni za nyengo chabe. Kwa zaka zoposa 100 akatswiri ankalimbana ndi funso la chaka chamawa. Kupita patsogolo kwenikweni m'mawodi kunabwera anthu ena atavomera kufunsa za madzulo ano okha.

Zinachitikira ku Trondheim m'dziko la Norway, pamalo a mbiri yowawa. Chipatala cha Reitgjerdet, chimene kale chinkasunga akhate, chinasandutsidwa mu 1923 malo a amuna odwala misala otengedwa ngati ovuta ndi oopsa. Mu 1978 dokotala wachinyamata, Svein Solberg, anaulula za odwala omangidwa ndi malamba pabedi kwa nthawi yaitali popanda chifukwa chomveka, ndipo nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa dziko lonse. Chipatalacho chinatsekedwa mu 1987, ndipo pamalopo panabwera chipatala chaching'ono cha Brøset. Kumeneko Olav Linaker ndi mnzake Busch-Iversen anachita chinthu chimene chinali pamphuno pa aliyense: anawerenga malipoti a tsiku ndi tsiku a anamwino, n'kuyang'ana zimene zinalembedwa maola 24 ndewu iliyonse isanachitike. Mwa makhalidwe 56 amene anawapeza m'malipotimo, asanu ndi limodzi ankabwerezabwereza. Wodwala ankakhala wobalalika mutu, wosadziwa bwino kumene ali kapena nthawi. Ankapsa mtima msanga. Ankasokosera, kukuwa, kumenyetsa zitseko. Ankaopseza ndi mawu, ankaopseza ndi thupi monga kukunga chibakera kapena kugwira mnzake malaya, ndiponso ankalimbana ndi zinthu, kuponda mpando kapena kuswa galasi. Zimenezi anazifalitsa mu 1995.

Roger Almvik wa pa Brøset pomwepo ndi Phil Woods wa ku Britain, onse anamwino, anasandutsa makhalidwewa fomu ya tsamba limodzi, Brøset Violence Checklist. Pa shifiti iliyonse namwino amalemba 1 ngati khalidwelo laoneka, 0 ngati silinaoneke. Wodwala amene amasokosera masiku onse sapatsidwa pointi pokhapokha lero ataposa mmene amachitira. Zonse zikakhala 0 chiopsezo n'chochepa, 1 kapena 2 n'chapakati ndipo pafunika kuchitapo kanthu, kuposa 2 n'chachikulu. Ntchito yake ndi ya mphindi imodzi kapena ziwiri. Atayiyesa pa odwala 109 m'mawodi anayi a ku Norway, zotsatira za mu 2000 zinaonetsa kuti inagwira ndewu 63 mwa 100 zilizonse zisanachitike, ndipo pa nthawi zimene kunalibe ndewu inalondola ka 92 pa 100. Munthu angaseke kuti n'zodziwikiratu, wokunga chibakera ali pafupi kumenya, ndani sadziwa? Inde, Pussin ankazidziwa. Chatsopano n'chakuti tsopano zinalembedwa m'njira yoti namwino wongoyamba kumene, kapena wobwereka kuwodi ina, aone zimene mnzake wa zaka 20 pantchito amaona, ndipo polandirana shifiti anene nambala imene dokotala sangainyalanyaze ngati mmene amanyalanyazira mawu akuti "uyu sindikumumvetsa lero".

Ziwerengero zija zimakoma pozimva, koma tiziyese ndi chitsanzo chongoyerekeza. Tinene kuti wodi yadzaza mafomu 1,000, ndipo 20 okha ndi amene atsatiridwa ndi ndewu. Fomu igwira pafupifupi 13 mwa 20 amenewo. Koma mwa 980 otsalawo iloza molakwika 8 pa 100 alionse, amene ndi pafupifupi 78. Belu lalira ka 91, ndewu zenizeni 13. Palibe chida chimene chingathawe masamu amenewa pamene chinthu choloseredwacho n'chosowa. Ndipo chilema chakale chija chabweranso mwa mtundu wina: namwino akaona 3, n'kukhala pansi ndi wodwalayo mpaka mtima wake kutsika, m'buku zilembedwa ngati ulosi wolakwika, pamene mwina ndi ndewu yopewedwa. Mu 2012 Seena Fazel wa ku Oxford ndi anzake anaunika zida zikuluzikulu zoyang'ana kutali, pa anthu 24,827 a m'mayiko 13, n'kupeza kuti mwa oikidwa m'gulu loopsa 41 pa 100 ndi amene anachitadi chiwawa, pamene mwa oikidwa m'gulu losaopsa 91 pa 100 sanachite. Zidazi zimadziwa bwino kunena amene sangamenye kuposa amene angamenye.

Choncho zonse zagona pa chimene chimatsatira nambala. Ngati 3 akutanthauza kuti namwino akhale pafupi, achotse wodwala paphokoso, am'funse chavuta n'chiyani, am'patse tiyi kapena mankhwala amene iye wavomera, ndiye anthu 78 aja sanataye kanthu, apindula. Ngati 3 akutanthauza jakisoni wokakamiza ndi chipinda cha yekha, ndiye fomuyo yasanduka unyolo wa pepala. Kafukufuku wabwino anayesa njira yoyambayo. Ku Switzerland, Christoph Abderhalden ndi anzake anagawa mawodi 14 a odwala 2,364. M'mawodi ena anamwino ankadzaza fomu ya Brøset kawiri pa tsiku masiku atatu oyamba wodwala atagonekedwa, kuwonjezapo mzere woikapo mmene mtima wawo ukuwauzira, ndipo mapointi akakwera ankakumana kukambirana zochita. Zotsatira za mu 2008 zinaonetsa kuti ndewu zikuluzikulu zinatsika ndi 41 peresenti, ndipo kukakamiza odwala kunatsika ndi 27 peresenti. Ku Netherlands mu 2011, Roland van de Sande ndi anzake anapeza kuti maola otsekera odwala m'chipinda cha yekha anatsika ndi 45 peresenti. Kodi chinachiritsa ndi fomu, kapena kukumana kwa anamwino kawiri pa tsiku kukamba za munthu mmodzimmodzi? Ine ndimakhulupirira kuti n'chachiwiricho, ndipo fomu ndi belu loitanira msonkhano. N'chifukwa chake wodi imene namwino mmodzi akuyang'anira odwala makumi angapo singayembekezere zomwezo pongosindikiza pepala, ngakhale pepalalo ndi lotchipa. Mu 2015 bungwe la NICE linalangiza zipatala za ku England kuti ziziganizira kugwiritsa ntchito fomu ya Brøset kapena inzake ya DASA m'malo modalira maso okha, ndipo anamwino a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe amene akugwira ntchito m'mawodi a kumeneko amakumana nazo.

DASA inakonzedwa ndi James Ogloff ndi Michael Daffern pa chipatala cha Thomas Embling ku Melbourne, n'kufalitsidwa mu 2006. Mwa mfundo zake zisanu ndi ziwiri, zitatu n'zofunika kuziwerenga mofatsa: wodwala sakufuna kutsatira malangizo, amakwiya msanga akakanizidwa chimene wapempha, amaona ngati akuputidwa. Iliyonse ili ndi munthu wachiwiri m'kati mwake. Pali wolamula, pali wokaniza, pali woputa kapena wooneka ngati akuputa, koma mapointi onse amalembedwa pa dzina la wodwala. Makompyuta atengera zomwezo. Mu 2019 Vincent Menger ndi anzake a ku Utrecht anaphunzitsa makina kuwerenga zolemba za madokotala ndi anamwino za tsiku loyamba, kuti alosere chiwawa cha m'masabata anayi otsatira. Analondola ndithu pa chipatala chimene anaphunzirira, koma atawapatsa zolemba za chipatala china luso linatsika. Makina amadya zimene ogwira ntchito alemba, ndipo ndi ochepa amene amalemba m'lipoti kuti ndinam'yankha mwamwano.

Chikhalirecho mzere woyamba wa fomu ya ku Sweden uja unali ukunena kale. Mu 2012 Chris Papadopoulos ndi anzake ku London anasonkhanitsa kafukufuku wa zimene zimayambitsa ndewu m'mawodi, n'kupeza kuti gwero lalikulu kuposa onse, 39 pa 100, ndi zochitika pakati pa wodwala ndi wogwira ntchito: kum'letsa kutuluka, kum'kaniza fodya, kum'kakamiza mankhwala. Len Bowers, namwino amene pa nthawiyo anali pulofesa pa King's College London, anamanga pamenepo ndondomeko yotchedwa Safewards, imene simapatsa wodwala mapointi ayi. Ili ndi zochita 10, zina zooneka zazing'ono mochititsa manyazi: kukana ndi mawu ofewa, kunena chabwino chimodzi cha wodwala aliyense polandirana shifiti, kudziwiratu amene walandira uthenga woipa lero n'kukhala naye pafupi, kudziwana mayina ndi zokonda. Atayiyesa m'mawodi 31 a zipatala 15, zotsatira za mu 2015 zinaonetsa kuti mikangano inatsika ndi 15 peresenti, ndipo kugwira, kutsekera ndi kubaya mokakamiza kunatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi.

Pali imfa ziwiri zimene zinakankha Britain kuposa kafukufuku aliyense. Pa 30 Okutobala 1998, David Bennett, bambo wa zaka 38 wobadwira ku Jamaica, anakangana ndi wodwala mnzake pa nkhani ya telefoni ku Norvic Clinic mumzinda wa Norwich. Mnzakeyo anam'tukwana za khungu lake, koma amene anasamutsidwa wodi anali Bennett. Atamva kuti iye ndiye akuchotsedwa anamenya namwino n'kum'vulaza kwambiri. Anamwino anam'panikiza pansi chafufumimba kwa mphindi pafupifupi 25, ndipo sanadzukenso. Lipoti la kafukufuku wa imfayo, limene linatuluka mu 2004, linanena poyera za tsankho lozikika m'chithandizo cha matenda a maganizo. Fomu iliyonse ikanam'patsa Bennett mapointi okwera usiku umenewo, ndipo ikanalondola, koma palibe mzere umene ukanafunsa chifukwa chimene wotukwanidwa ndiye anasamutsidwa. Mu 2010 Olaseni Lewis, mnyamata wa zaka 23 amene anapita yekha kukafuna thandizo, anamwalira atapanikizidwa ndi apolisi 11 pa chipatala cha Bethlem Royal.

Makolo a Lewis analimbana ndi nkhaniyi zaka zambiri, mpaka mu 2018 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo limene anthu amalitcha Seni's Law, ndipo linayamba kugwira ntchito ku England mu 2022. Apolisi oitanidwa kuwodi ayenera kuvala makamera. Chipatala chilichonse cha matenda a maganizo chiyenera kulemba nthawi iliyonse imene mphamvu yagwiritsidwa ntchito pa wodwala: chifukwa chake, utali wa nthawi, mtundu wa wodwalayo, dzina ndi udindo wa aliyense amene anam'gwira, ndi zimene ogwira ntchito anayesa kuchita asanafike pom'gwira.